Damu la dothi lisanamangidwe, tigwirizane kaye za madzi a mu Okutobala

Chaka chilichonse mvula ikadula msanga, pamisonkhano ya chitukuko kuno ku Salima pamamveka pempho limodzimodzi, lakuti boma litimangire damu pa umodzi mwa mitsinje yathu kuti tizithirira mbewu m'chilimwe ndi kumwa madzi a m'mipope. Pempholi linakula kwambiri mu 2024, pamene ng'amba ya El Niño inapsereza chimanga chisanamasule, mpaka mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi. Palibe angadzudzule anthu opempha zimenezi. Munthu amene waima pa mlatho wa Linthipe mu Febuluwale n'kuona madzi ofiira akuthamangira kunyanja usana ndi usiku, kenaka n'kudzayenda m'midzi mu Okutobala n'kupeza amayi akufukula mchenga m'timitsinje touma kuti adzaze ndowa imodzi, safunika sukulu ya uinjiniya kuti azindikire kuti madzi tili nawo ambiri, koma amatidutsa pa nthawi yomwe sitikuwasowa.

Inenso ndili kumbali ya ofuna damu. Chomwe ndikukana n'chakuti tilandire damu la ntchito ziwiri, ulimi wothirira ndi madzi akumwa, tisanagwirizane ndi kulemba poyera kuti madziwo akadzachepa, adzayambe kumanidwa ndani. Funso limeneli limaoneka laling'ono pa tsiku loyika mwala wa maziko, pamene gule ali pabwalo ndipo alendo avala zipewa za pa ntchito, koma ndi limene limadzagamula ngati damulo lidzakhala chuma cha anthu onse kapena gwero la milandu yosatha kwa mafumu. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo damu lolonjezedwa kwa mlimi ndi kwa womwa madzi nthawi imodzi, popanda lamulo logawira, likhoza kuwavumbwitsa onse awiri.

Ndiyambe ndi amene amati nkhani yonseyi ndi yotaya nthawi popeza nyanja tili nayo pakhomo. N'zoona kuti madzi a ku Senga Bay sangathe ngakhale titathirira boma lonse. Vuto ndi lakuti nyanja ili kumunsi kwa minda yathu yonse, pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi sakwera okha chitunda. Dontho lililonse lochoka m'nyanjamo kupita kumunda wa kwa Khombedza kapena kwa Mwanza liyenera kukankhidwa ndi pampu, pampuyo imadya magetsi kapena dizilo, ndipo ikawonongeka imafuna zipangizo zogula ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino likuzisowa. Ntchito yopopa madzi kuchokera kuno kupita ku Lilongwe, pa mtunda wa makilomita oposa 100, ikhoza kudzilipira chifukwa anthu a mumzinda amalipira pa mita mwezi ndi mwezi, koma mlimi wa mpunga wa theka la ekala sangalipire mtengo umenewo n'kutsala ndi phindu. Damu lomangidwa kumtunda, pamene mtsinje ukutsika m'mapiri kulowa m'chigwa, limasunga madzi pamalo okwera, ndipo madziwo amayenda okha m'ngalande mpaka kumunda. Ubwino umenewu nyanja ilibe.

Dothi nalonso si chizindikiro cha umphawi monga ena amaganizira akamva kuti khoma la damu silidzakhala la simenti. Madamu ambiri pa dziko lonse ndi a dothi kapena a miyala yosanjikiza, chifukwa zomangira zake zimapezeka pafupi ndipo khoma lotambalala pansi limakhazikika ngakhale pa nthaka yopanda thanthwe lolimba. Omanga amayamba ndi kukumba chingalande kudutsa chigwa chonse mpaka atafika pa nthaka yosalola madzi, n'kuthiramo dongo. Dongo limeneli ndi limene limakwera pakati pa khoma ngati mtima wake, ndipo amalithira pang'onopang'ono, kulinyowetsa moyenera ndi kulitsendera ndi makina olemera asanathire lina pamwamba. Kuseri kwa dongolo amaika mchenga wosankhidwa bwino kuti madzi ochepa omwe amalowerera adutse osanyamula dothi, kumaso koyang'ana madzi amayala miyala kuti mafunde asamadye khoma, ndipo kumbuyo amabzala udzu. Pambali pamakhala njira yaikulu yotayira madzi damu likadzaza, popeza chinthu chimodzi chomwe khoma la dothi silipirira ndi madzi odutsa pamwamba pake. Aliyense amene anaumbapo njerwa kapena kumata nkhokwe amadziwa kale theka la nzeru imeneyi.

Tsono tiyeni tiwerenge madzi, pakuti pamisonkhano timakonda kuwerenga mahekitala ndi chiwerengero cha mabanja opindula, madziwo osawawerenga. Mpunga wothirira umafuna madzi osachepera mamilimita 1,000 pa nyengo imodzi m'dera lotentha ngati lathu, ndipo izi zikutanthauza malita 10 miliyoni pa hekitala imodzi, tisanawonjezere omwe amalowerera pansi m'ngalande za dothi. Munthu mmodzi wogwiritsa ntchito malita 50 pa tsiku, kumwa, kuphika, kusamba ndi kuchapa, amatha malita 18,250 pa chaka. Choncho hekitala imodzi ya mpunga wa m'chilimwe imamwa madzi omwe akanakwanira anthu oposa 500 chaka chathunthu. Masamu amenewa ali ndi nkhope ziwiri. Mbali ina akutiuza kuti madzi akumwa ndi gawo laling'ono la zomwe damu limasunga, kotero palibe chifukwa chomveka chakuti mudzi ukhale ndi mipope youma pomwe damu lilipo. Mbali inayo akutichenjeza kuti kulakwitsa pang'ono pa ulimi, monga kulola mahekitala 40 owonjezera chifukwa munthu wina wamphamvu wapempha, kumameza madzi a anthu 20,000 popanda wina kuona pomwe apita.

Ndipo madzi olembedwa m'mapulani si amene adzakhale m'damu pakadzatha zaka 15. Dzuwa la kuno ndi mphepo ya mwera zimaumitsa madzi okuya kuposa mita imodzi pa chaka pamwamba pa dziwe lililonse, ndipo chigwa chikakhala chotambalala, damu limakhala losaya ndi lalikulu nkhope, n'kumataya ochuluka. Choopsa kwambiri ndi matope. Madzi ofiira aja timawaona pa mlatho ndi minda ya anthu a ku Dedza, Dowa ndi Lilongwe yomwe ikusamukira kunyanja, ndipo khoma likaimitsa madziwo, dothi lonse limakhazikika pansi n'kuyamba kudya malo a madzi. Walira mvula walira matope, ndipo wolira damu walira matope kawiri. Anzathu a ku Balaka ndi Ntcheu anaziona ndi maso mu 2018 pamene damu la Mpira linaphwa, mipope ya m'tauni ndi m'midzi n'kukhala youma kwa miyezi, pambuyo pa zaka zambiri za kudula mitengo ndi kulima kumtunda kwake. Ife tikudziwa bwino matumba a makala omwe amatsika pa njinga kuchokera m'mapiri ozungulira nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima, ndipo ambiri a ife timaphikira makala omwewo, ine ndemwe. Damu lathu lidzayamba kuchepa kuyambira dzinja loyamba, pomwe anthu omwa madzi ndi ofuna minda m'sikimu adzakhala akuchuluka. Tsiku lomwe zofuna zidzapose madzi lidzafika ndithu, ngakhale mainjiniya atagwira ntchito yawo mosalakwitsa.

Pa tsiku limenelo, ngati palibe cholembedwa, madzi adzatsata mphamvu. Bungwe logulitsa madzi m'tauni lili ndi maofesi, maloya ndi makasitomala odziwa kudandaula pa wailesi. Munda waukulu wa mzimbe, ngati udzalumikizidwa ku ngalande, uli ndi ngongole kubanki ndi mgwirizano wosainidwa, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chikwawa wa kuno ku Salima mpaka ku Dwangwa, tikudziwa kuti mzimbe sudikira. Alimi a kumayambiriro kwa ngalande ali ndi mwayi wa malo, amangotsekera madzi usiku ndi thumba la mchenga. Otsala opanda mawu ndi mlimi wa kumapeto kwa ngalande, amene wathira kale feteleza wa ngongole ndipo mpunga wake ukuuma uli pafupi kubereka, ndi mayi wa m'mudzi wa kumunsi kwa khoma, amene kale ankatunga mumtsinje mwaulere koma tsopano mtsinjewo watsekedwa. Amenewa ndi omwe zithunzi zawo zimakhala pa chikuto cha mapulani popempha ndalama.

Zomwe ndikupempha si zovuta kumvetsa. Pa nsanja yotulutsira madzi m'damu pakhale muyeso wa manambala aakulu oti mwana wa sukulu akhoza kuwerenga ali pamtunda, ndipo pamuyesopo pakhale mzere womwe aliyense akudziwa kuti madzi akafika pamenepo, ngalande za ulimi zitsekedwa ndipo otsalawo ndi akumwa okha. Koposa apo, lamuloli limangidwe m'khoma momwe, paipi ya ulimi ikhale pamwamba ndipo ya madzi akumwa ikhale pansi, kuti ngakhale munthu waudindo ataimbira foni woyang'anira zitseko pakati pa usiku, madzi akumwa asathe kutuluka kupita kumunda. Chitsulo ndi simenti sizilandira chiphuphu ndipo siziopa kuchotsedwa ntchito. Ndikudziwa kuti ena adzati ndikukondera a m'tauni, koma mpunga ukauma boma likhoza kubweretsa chimanga pa lole, pomwe madzi a anthu zikwi makumi angapo palibe galimoto zokwanira kuwatuta tsiku ndi tsiku. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja sinawasiye. Mipope ikauma, anthu amabwerera kuzithaphwi.

Komabe kuika madzi akumwa patsogolo kumakhala chilungamo pokhapokha mlimi akauzidwa msanga. Kutseka ngalande mu Okutobala, mbewu ili m'munda, n'kulanda munthu ndalama zomwe waika kale m'nthaka. Chiganizo chiyenera kuchitika mu Epulo kapena Meyi, mvula itangotha, pamene aliyense akuona pomwe madzi alekeza. Pa nthawi imeneyo bungwe la alimi ogwiritsa ntchito madzi, ogulitsa madzi akumwa, alangizi a ulimi, a khonsolo ndi mafumu akhale pansi, awerenge madzi omwe alipo, achotsepo akumwa mpaka Disembala, achotsepo omwe dzuwa lidzatenge, achotsepo oyenera kupitirira mumtsinje, ndipo otsalawo ndiwo anene kuti chaka chino tilima mahekitala angati ndi mbewu yanji. Chaka cha madzi ochepa, nyemba, chimanga chachiwisi, tomato ndi anyezi zikhoza kulowa m'malo mwa mpunga, ndipo kuchepetsako kugwere aliyense mofanana, wa munda waukulu ndi wa kachigawo kamodzi, osati kungodula a kumapeto kwa ngalande. Anansi athu a ku sikimu ya Bwanje ku Dedza, ya mahekitala 800, anakhala zaka zambiri akulima gawo lochepa chabe m'chilimwe chifukwa mtsinje wa Namikokwe unkachepa, mpaka damu linadzamangidwa pambuyo pake. Iwo, pamodzi ndi alimi a ku Lifuwu kuno kwathu ndi a ku Bua ku Nkhotakota, akudziwa zambiri za mikangano ya pa ngalande kuposa mlangizi aliyense wochokera kunja, ndipo n'zodabwitsa kuti sitiwaitana kawirikawiri kuti atiphunzitse.

Madzi opitirira mumtsinje ndawatchula mwachidule koma si nkhani yaing'ono. Kumunsi kwa khoma lililonse kuli madimba, ziweto ndi madambo omwe amadalira kusefukira kwa chaka ndi chaka, ndipo kuli nsomba ya mpasa yomwe imachoka m'nyanja kukaswana m'mitsinje monga Bua ndi Linthipe. Khoma lotseka mtsinje waukulu wotere lingadule ulendo umenewu kotheratu. Pa chifukwa ichi ine ndingakonde madamu apakati pa mitsinje yothira m'mitsinje ikuluikuluyi, kusiyana ndi chidamu chimodzi chodzionetsera chomwe chingamize midzi yambiri ndi kulanda asodzi chakudya kuti tipatse alimi.

Palinso anthu amene madzi adzakhale pa minda yawo, pa nyumba zawo ndi pa manda a makolo awo. Chipukuta misozi cha ndalama chimatha pa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo munthu amene anali ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje n'kupatsidwa malo a miyala kumtunda wasauka ngakhale atamangirwa nyumba ya malata. Mgwirizano womwe ndikunenawu unene momveka kuti mabanja osamutsidwa ndiwo oyamba kulandira zigawo m'sikimu, maina a amayi alembedwe pamodzi ndi a abambo popeza kuno malo ambiri amayendera kuchikazi, ndipo midzi yoyandikana ndi damu ilandire mipope paipi yaikulu isanawoloke kupita kutauni. N'zochititsa manyazi kuona paipi yonenepa ikudutsa pakati pa mudzi womwe anthu ake akutunga m'mphepete mwa damu, pamene pali ng'ona, nkhono zofalitsa likodzo ndi udzudzu womwe damulo labweretsa. Ndiponso mudzi wopanda mpope sudzaona chifukwa chotetezera madzi a anthu ena ku ng'ombe, sopo ndi mankhwala a m'munda.

Mgwirizano womwewo uyankhe funso lina lomwe madamu a eni awiri amagwa nalo, lakuti khomalo mwini wake ndani. Khoma la dothi ndi chinthu chofuna kuchiyendera ngati munda. Mtengo ukamera pamenepo mizu yake imaboola njira ya madzi, chiswe chikamanga chulu chimasiya mphako mkati, ng'ombe zikapanga njira mvula imakumba ngalande, ndipo njira yotayira madzi ikadzala zitsamba, chigumula chimodzi chikhoza kukwera pamwamba pa khoma. Madzi oyera otuluka pang'ono kumunsi kwa khoma si achilendo, koma akayamba kutuluka a matope ndiye kuti khoma likudyeka mkati, ndipo pamafunika munthu wodziwa kusiyanitsa ziwirizi amene amayenda pamenepo sabata iliyonse ndipo ali ndi nambala yoimba. Damu la Teton ku America linagumuka mu 1976 pa kudzaza kwake koyamba chifukwa cha kudyeka kwa mkati kotereku. Ku Solai m'dziko la Kenya, damu la dothi la pa famu linaphulika usiku mu Meyi 2018 n'kupha anthu oposa 40 m'midzi ya kumunsi. Ku Derna m'dziko la Libya, madamu awiri omwe anakhala zaka osakonzedwa anagumuka mu Seputembala 2023 ndipo anthu zikwizikwi anafa. Ife amene tinaona zomwe madzi anachita ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024, popanda damu lililonse kugumuka, tisayerekeze kusiya khoma pamwamba pa midzi pomwe a ulimi akuti ndi la a madzi ndipo a madzi akuti ndi la a ulimi. Pa ndalama iliyonse yolipira pa mita ndi pa chigawo cha m'sikimu, kagawo kodziwika kazipita ku thumba losamalira khoma ndi kulipira anthu a kumtunda omwe akusunga mitengo m'mbali mwa mtsinje, chifukwa kuwauza kuti asiye makala kuti ife a kumunsi tidye mpunga, popanda kuwapatsa kanthu, ndi kudzinamiza.

Ndamvapo akuluakulu ena akunena kuti mafunso otere amathawitsa opereka ndalama, ndipo kuti wosauka sasankha, alandire kaye damulo zina zidzakonzedwa m'tsogolo. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, pakuti taona mapulani a damu la Diamphwe, la pa malire a Lilongwe ndi Dedza, akukhala pa mapepala zaka zambirimbiri. Koma nthawi yokhayo yomwe anthu wamba ali ndi mphamvu pa ntchito yotere ndi pamene siinayambe, pamene boma likufuna malo awo ndi chilolezo chawo. Khoma likaima ndipo mapaipi akakwiriridwa pa msinkhu womwe aikidwa, palibe msonkhano ungawasunthe. Komanso opereka ngongole enieni saopa mgwirizano wogawana madzi, amaopa ntchito yomwe idzaime pakati chifukwa anthu atseka msewu. Malamulo athu ali kale kumbali yathu: lamulo la za madzi la 2013 limafuna chilolezo kwa womanga damu ndi wopatutsa madzi, ndipo lamulo la za chilengedwe la 2017 limafuna kafukufuku wa momwe ntchito yaikulu idzakhudzire anthu ndi malo, kuphatikizapo kumva maganizo a eni dera. Chomwe chimachitika n'chakuti misonkhano imeneyi timaitenga ngati mwambo wolandira alendo, timawomba m'manja, kulemba maina pa pepala la ndalama ya chakudya, n'kubalalika.

Amene akukayika ngati anthu a kuno angasunge lamulo loletsa kugwiritsa ntchito chinthu chomwe akuchiona ndi maso, apite ku Chikombe akafunse za chilumba cha Mbenje. Kwa zaka zambirimbiri, pansi pa ufumu wa a Makanjira, asodzi amachoka pachilumbacho nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo amabwererako pokhapokha mfumu ikatsegula, ngakhale njala itavuta chotani kumtunda. Lamulo limenelo limagwira ntchito chifukwa aliyense akulidziwa, tsiku lotseka ndi lotsegula limalengezedwa pagulu, ndipo silisankha mwini boti la injini kapena wa bwato. Mzere wa pa muyeso wa damu ukufuna zinthu zitatu zomwezo.

Choncho akadzabwera a mapulani ndi mapu awo pansi pa mtengo wa msonkhano, kaya ndi kwa Kalonga, kwa Khombedza kapena kwa Mwadzama ku Nkhotakota, mafumu athu ndi makhansala asafulumire kuthokoza. Afunse kuti damulo lidzasunga malita angati pa chaka choyamba ndi angati pakadzatha zaka 20 matope atalowa, afunse msinkhu wa paipi ya ulimi ndi wa paipi ya madzi akumwa, afunse dzina la ofesi yomwe idzadule mitengo pa khoma ndi komwe malipiro a woyendera khomalo adzachokere. Mayankho alembedwe m'Chichewa, awerengedwe mokweza pamaso pa amayi a kumunsi kwa mtsinje ndi alimi a kumapeto kwa ngalande, ndipo pepala limodzi litsale kwa mfumu galimoto za alendo zisananyamuke.